Chikwangwani Chimene Chinkagwira Khoma Langa

Msewu wathu wa ku Matero unapatsidwa dzina la mzungu wina wa banja lachifumu la ku Mangalande. Akuluakulu ankati anadutsamo kamodzi kokha, azungu akulamulabe, atatseka mphuno ndi kampango. Phula analithira chifukwa cha iyeyo, ndipo linalekezera pomwe galimoto yake inatembenukira. Ena amati ndimawonjezera. Pitani mukaone nokha, msewuwo umathera pakhomo pa munthu.

M'zaka zimene boma linkagulitsa makampani, ine anandichotsa ntchito kufakitale. Phula nalonso linachoka osatsanzika. Panatsala maenje oti minibasi ina inalowamo ndi anthu ake n'kukatulukira ku Lilanda. Ndikulumbira, kondakitala wake ndimamudziwa. Ngalande zinatsekeka ndi zinyalala, madzi onse a mumsewu n'kumatsetserekera kumunsi, komwe ine, mkazi wanga ndi ana awiri tinkakhala m'chipinda chimodzi cha njerwa zosaotcha.

Khoma loyang'ana kumsewu linayamba kusungunuka ngati sopo. Ndiye ndinazula chikwangwani cha dzina la bwanayo, chitsulo chachitali, chokhuthala, chachikalekale, n'kuchikwirira m'mbali mwa khomalo kuti chizipatutsa madzi. Chinagwiradi ntchito. Aka kanali koyamba kuti wachifumuyo athandizepo munthu wa ku Matero.

Dzinja lili pakati, tcheyamani wa dera lathu anafika pakhomo atapinda thalauza mpaka m'maondo.

"Ba neba, mdzukulu wa uja mzungu abwera kuona msewu wa ambuye bake. Akaona vamene tivutika, azatikonzera ngalande. Manje azauziba bwanji msewu ulibe dzina? Bwezani chija chinthu."

"Ba tcheyamani, ndiye chagwira nyumba yanga."

"Imwe muganiza khoma imozi, ise tiganiza komboni yonse. Ni tsiku imozi chabe."

Mkazi wanga anayankhira m'nyumba: "Atate ake mwana, mukachizula, mukagone nacho komweko pamtengo."

Koma ngalande ikanakonzedwa, ana anga akanasiya kugona patebulo pothawa madzi. Ndinachifukula ndi manja angawa, n'kuchikwecha ndi mchenga mpaka zilembo zinawala, kenako n'kukachipachika pamtengo kumsewu.

Mlendoyo anabweradi, mwamuna wamtali wovala nsapato za jombo zatsopano. Azimayi anaimba, tcheyamani analankhula za ngalande mpaka mawu anasasa. Mlendoyo ankangogwedeza mutu, maso ali pachikwangwani. Anachisisita, misozi n'kulengeza. Tcheyamani ataona misoziyo anati mtima wa munthu wafewa, tiufewetseretu. Analamula kuti achitsitse, n'kumupatsa ngati mphatso ya anthu a ku Matero.

Ndinakuwa kuti, "Ba tcheyamani, khoma langa!" koma nthungululu zinandimeza. Ndinathamangira galimoto imene inanyamula chikwangwanicho m'madzi ofika m'chiuno, achule akulowa m'matumba. Mlendoyo anandiona, n'kundibayibitsa mwaulemu kwambiri.

Pofuna kuteteza khoma lija, ndinayesa matumba a mchenga, ndinayesa chitseko cha chimbudzi. Madzi ankangozungulira. Masana ena mvula inagwa yamphamvu, ine ndili panja ndi fosholo yobwereka. Mkazi wanga anatulutsa ana, mmodzi kumsana, wina m'khwapa. Khoma silinachite phokoso. Linangokhala pansi ngati munthu wotopa, denga n'kulitsatira.

Tinasenza matiresi onyowa kupita kwa apongozi ku Misisi. Ankalemera ngati ng'ombe, ndipo njira yonse mkazi wanga anayenda patsogolo, osacheuka.