Chubu cha Njinga Yamoto ndi Ntchafu Yanga

Ntchito ya kabaza ndinaipeza malume anga a ku Chileka atagula njinga yamoto. Yopalasa ija anandiponyera ine, amvekere, "Mabuku akowo sakudyetsa. Pita ku Lirangwe ukapalase." Ndinachita lendi kachipinda kuseri kwa chigayo, ndekhandekha. Wondilankhula madzulo inali wailesi basi, nayonso ikakhala ndi mabatire.

Kasitomala wodalirika ndinali naye mmodzi, a Nabanda, omwe ndinkawanyamulira madengu a tomato kuchokera cha ku Mdeka. Tsiku lina pokwera chitunda ndinangomva kuti thu! kumbuyo kwa ntchafu yakumanja. Kuchipatala anati mnofu wang'ambika. Ululu utachepa, a mafizo anandionetsa lamba wa mphira.

"Mugone chafufumimba, lambayu mukoleke pakakolo, mbali inayo mumange poti sipasuntha. Muzikokera chidendene kumatako pang'onopang'ono, kubwezanso pang'onopang'ono. Muyambe ndi wofewa."

Lamba wotero ndikanamutenga kuti? Ndinacheka chubu chakale cha njinga yanga, n'kumanga mfundo, n'kuipanikiza kunsi kwa chitseko.

A Nabanda atabwera kudzandizonda anasuzumira pazenera n'kundipeza ndili pamphasa, mwendo uli m'mwamba.

"Achimwene, ndani wakumangani ngati mbuzi?" Anaseka, kenako anatsitsa mawu. "Msika ukubwerawu ndikudikirani. Mukalephera nditenga wina, tomato akundiolera."

Apa ndi pomwe kuwerenga kwanga kunandipweteketsa. Ndinawerengera kuti ngati chubu chofewa chichiza pa mwezi, cholimba chichiza pa sabata. Ndinakapempha cha njinga yamoto kwa okonza matayala, chochindikala ngati chikopa cha ng'ombe.

Kukoka koyamba ndinatuluka thukuta. Ndinaluma mano n'kukokanso mwamphamvu. Thu! pomwe paja.

Kudzuka kunandikanika. Chitseko ndinali nditachitseka ndekha kuti chigwire mfundo ija. Ndinakuwa, koma chigayo chinali pa ntchito, mawu anga sanamveke n'komwe. Ndinakhala chigonere, tsaya lili pamphasa, ndikuonera nyerere zikudutsa, mpaka chigayo chinazima dzuwa litapendeka. Apo m'pamene anthu a pachigayo anandimva n'kudzandidzutsa.

Tsiku la msika litafika, madengu a a Nabanda anakwera njinga ya wina. Mpaka lero amawanyamula yemweyo, ine timangopatsana moni.

Ndinabwerera ku chubu chofewa chija, ndipo mwendo unachira pa nthawi yake, osati yanga. Masiku ano mnzanga wa kabaza akavulala ndimamuuza kuti ayambe ndi mphira yomwe ikuoneka ngati yamasewera, ndiponso kuti pochita zimenezi pakhale munthu woti angamve akakuwa.