Eyiti Wogona wa a Dzinalake

Abusa atandipempha kuti ndilembe m'kalata ya mpingo ino za moyo wa mbale wathu amene ankasesa pasukulu, ndinakana kawiri. Ndinawauza kuti apeze munthu amene malemuwo sanamupsetsepo mtima. Abusa anaseka n'kunena kuti woteroyo mumpingo muno mulibe, ndiye ndalemba. Ndinaphunzitsa masamu zaka makumi atatu pasukulu yomweyo, ndipo ndinene poyera kuti munthu wa Mulungu ameneyu ananditopetsa kwabasi.

Anabadwa woyamba m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anailekeza m'kalasi yachitatu bambo awo atamwalira, n'kuyamba kunyamula katundu pamsika kuti azing'ono awo aphunzire. Asanasiye, mphunzitsi wina analemba pabolodi kamzere kokhala ndi kadontho pamwamba ndi pansi. Iwo atafunsa kuti n'chiyani, yankho linali mkwapulo. Anakula osadziwa kuti chimenecho ndi chizindikiro cha kugawa, chikhalirecho tsiku ndi tsiku ankagawira azing'ono awo asanu buledi mmodzi, iwo n'kutsala ndi nyenyeswa.

Atakwatira anapeza ntchito pasukulu pathu: kusesa, kukolopa, ndi kufufuta mabolodi ana akaweruka. Apa m'pamene mavuto anga anayambira. Bambowa anali ndi lamulo lawolawo, loti safufuta chizindikiro chimene sakuchidziwa dzina. Mmawa ndinkapeza bolodi ili mbee kuyera, koma pakati patatsala kanthu kamodzi, eni ake ataima pakhomo ndi kope lawo lachikuto chong'ambika.

"Pepani aphunzitsi, aka dzina lake ndani? Nanga ntchito yake n'chiyani?"

Ana sanachedwe kuwatcha a Dzinalake, ndipo dzina lawo lenileni linaiwalika ngakhale kuno kutchalitchi. Ndikadandaula kuti akundichedwetsa ankati, "Mayi, safunsa anadya phula. Mulungu anapatsa Adamu ntchito yotchula zinthu maina. Ine ndine yani kuti ndifufute chinthu ndisanachidziwe n'komwe?"

Yankho lachidule sankalilandira. Ndikati timizere tiwiri togona ndi chizindikiro cha kufanana, ankafuna adziwe kuti chikufanana ndi chiyani, mpaka ndinawauza kuti za kumanzere ndi za kumanja zikulemera chimodzimodzi ngati pasikelo. Peresenti inatidyera nthawi yonse yopumula asanavomere kuti ndi "pa zana lililonse". Mabulaketi anawakonda. Nditawauza kuti zimene zatsekeredwa mkatimo timayamba nazo, anagwedeza mutu n'kulemba kuti, "Ngati odwala." Tiyi wanga ankazizira masiku ambiri chifukwa cha iwo.

Utumiki wawo mukuudziwa. Lamulungu lililonse ankafika woyamba kudzapukuta mabenchi, Lachitatu madzulo ali kwa odwala. Akazi awo atamwalira anatsala ndi ana aakazi awiri, n'kuwalera okha, kuwaluka tsitsi ndi manja aja okakala ndi tsache, ndipo sitinawamvepo akudandaula. Fumbi la choko linawapatsa chifuwa chosatha, koma akatsokomola ankangopepesa ngati alakwira wina.

Tsopano ndinene za ine, poti abusa anati ndisabise. Tsiku lina kunabwera woyendera masukulu, ndipo pofuna kudzionetsa ndinalemba pakona ya bolodi chizindikiro chooneka ngati eyiti wogona chammbali. Phunziro litatha, mlendo akadali mkati, a Dzinalake anatulukira ndi kope lawo.

"Pepani aphunzitsi, eyiti uyu wagoneranji? Dzina lake ndani?"

Ana anafa nako kuseka, mlendo nayenso anamwetulira. Dzina lake la m'buku ndinkalidziwa, koma mawu osavuta oti munthu amve ndinalibe, ndipo ndinkadziwa kuti bambowa sangandisiye. Manyazi anasanduka mkwiyo.

"Ntchito yanu ndi kusesa," ndinatero. "Izi si zanu."

"Zoonadi mayi," anayankha mofatsa. "Mukadzandiuza ndidzafufuta."

Abale, zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi! Eyiti uja anagona pakona paja zaka zonsezo. Choko chikayamba kuzimiririka ankachibwereza. Bolodi inapakidwa penti kawiri, iwo n'kupempha kaburashi kakang'ono kuti apente mozungulira eyitiyo bwinobwino. Ndikafufuta ndekha, mmawa ndinkampeza wabwerera. Sananditchulirenso nkhaniyo, ndipo chimenecho n'chimene chinkandipweteka kwambiri. Zizindikiro zina ankafunsabe, ine n'kumayankha, koma cha pakona tonse tinkachilambalala ngati chitsa. Kuno kutchalitchi ankandipatsa moni wa manja awiri, nkhope ili mwee, ine mtima ukundiwawa. Ndinkati akafunsanso ndiwauza, koma kuyamba ine ayi.

Nditapuma pantchito, aphunzitsi atsopano anafuna kuwauza a Dzinalake dzina la eyiti uja. Iwo anatseka makutu. "Analemba ndi mayi aja, anene ndi iwo omwe." Liuma lotere sindinalionepo, kupatula langa.

Mwezi wathawu mwana wawo wamkulu, wosoka zovala uja, anandipeza ndikuyanika zovala masana. "Mayi, abambo afooka kwambiri. Dokotala wati tiwatengere kunyumba. Akuti m'kope mwawo muli tsamba limodzi losalemba, ndipo inu mukulidziwa."

Ndinapita zovala zili m'beseni. Ndinawapeza atagona pafupi ndi zenera, atatha ngati ndodo, Baibulo ndi kope lija zili pampando. Mwanayo anatsegula tsamba lake. Pamwamba panali eyiti wogona, pansi pake pali pepala loyera.

"Mwabwera aphunzitsi," anatero ndi mawu otsika. "Dzina lake ndani?"

Ndinakhala pamphepete pa bedi. "Ndi chizindikiro cha chopanda malire, bambo. Tchulani nambala yaikulu kwambiri imene mukuidziwa. Ine ndiwonjezerapo imodzi. Mukatchula ina, ndiwonjezeranso. Tingawerenge mpaka kukalamba, ana athu n'kupitiriza, osafika pothera. Chizindikirochi chimanena zimenezo, kuti kumapeto kulibe."

Anayang'ana kudenga. Kenaka anayamba kuseka, kusekako n'kusanduka chifuwa, mpaka mwana wawo anawadzutsa n'kuwamwetsa madzi.

"Zomwezo basi?" anatero atapeza mpweya. "Mayi inu! Si zimene timanena Lamulungu lililonse pomaliza pemphero, kuti kunthawi za nthawi? Mwandiyendetsa zaka zonsezi chifukwa cha zimenezi?"

"Nanga inu bwanji osangofunsa wina?" ndinakalipa, misozi ili chuchuchu. "Aphunzitsi anadzaza sukulu yonse!"

"Ndikanafunsa wina, ine ndikanadziwa, koma inu mukanatsala nacho mumtima." Anatembenukira kwa mwana wawo. "Lemba, mwanawe: chopanda malire. Ntchito yake, kumapeto kulibe." Atatero anandigwira dzanja. "Mukafufute tsopano, mayi. Bolodi ija ndi ya ana."

Anatisiya mawa lake dzuwa lili pamutu, ana awo onse awiri akuwaimbira, ndipo anapita mwakachetechete ngati munthu woweruka kuntchito. Chitsanzo chimene atisiyira aliyense adzitolere yekha. Ine changa n'chakuti munthu akakufunsa, muyankhe tsiku lomwelo.

Maliro atatha ndinapita kusukulu kuja, n'kupempha mphunzitsi wa kalasiyo mphindi zisanu. Ana makumi anayi anandiyang'ana, gogo wachilendo atanyamula chofufutira. Ndinaloza pakona n'kufunsa ngati alipo akudziwa dzina lake. Panalibe, ndipo panalibenso amene anafunsapo. Ndinawauza dzina, ndinawauza ntchito yake, kenaka ndinayamba kufufuta. Choko cha zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi chinakana kuchoka. Ndinapukuta, ndinakhula, ana akuyamba kuseka, ine ndikung'ung'udza kuti bambo ameneyu ngakhale kumanda akunditopetsabe. Ndinachita kunyowetsa nsanza, ndipo chokocho chinachoka. Koma penti ya pamenepo ndi yakale, yotuwa kuposa bolodi yonse, moti eyiti uja akuonekabe.