Malungo Amene a Utuchi Anabisa

Pamsewu wathu palibe amene amawatchula dzina lawo lenileni. Timangoti a Utuchi, chifukwa sitinawaonepo opanda utuchi m'mutu, ngakhale patsiku la mapemphero. Ndi kalipentala. Shedi yawo ili kuseri kwa nyumba: denga la malata akale, benchi yopalirapo matabwa, sowo yopachika pamsomali. Kale ankakhoma mipando, zitseko ndi mabedi.

Chisanu cha chaka chomwe korona inavuta chinabwera ndi mphepo youma. Masamba anayoyoka msanga, milomo inang'ambika, ndipo anthu anasiya kufuna mipando. Ankafika m'mawa awiriawiri, atanyamula kachingwe komwe ayezera munthu wawo. A Utuchi anakhoma mabokosi a maliro mpaka nyundo inawatulutsa matuza. Limodzi mwa mabokosiwo linali la mlamu wawo, mng'ono wa akazi awo.

Mlamuyo ndiye anayamba pabanjapo kubayitsa katemera. Anali atadwala impso zaka zambiri, miyendo ikutupa, koma pamaliro palibe anakumbuka zimenezo. Chomwe aliyense anakumbuka n'chakuti anabayitsa mwezi womwewo umene anamwalira. Kuyambira pamenepo akazi awo a Utuchi sankafuna kumva n'komwe za katemera. Chonsecho iwo ali ndi matenda a shuga, ndipo a Utuchi akafunsa olira kuti malemuwo amadwalanso chiyani, mawu akuti shuga ankabwera kawirikawiri. Akawamva, pensulo inkagwa kukhutu.

"Mayi, tiyeni tikabayitse," anatero tsiku lina akuwathandiza kuyanika zovala.

"Mwatopa nane? Kapena matabwa akutsalirani?"

"Musalankhule choncho. Mlamu anali wodwala kale."

"Nanga ine ndili bwino?"

A Utuchi anatola chovala china n'kuchiyanika. Zoona zake, nawonso mtima sunali m'malo. Telala woyandikana nawo ankabwera pampanda ndi foni m'manja, tsiku lililonse ndi nkhani yatsopano: lero akuti obayitsa sadzaona mvula ziwiri, mawa akuti magazi amaundana. A Utuchi ankati sakumvera, koma sowo inkaima. Kangapo konse anafika patenti ya achipatala pabwalo la sukulu, n'kuima pamzere, n'kukumbukira mwadzidzidzi kuti misomali yatha. Kunyumba misomali inachuluka mpaka inasowa chitini.

Pomaliza akazi awo anati, "Yambani inuyo. Mukapanda kugwa, ndidzaganiza."

Anapitadi. Namwino anawabaya mkono wamanzere, n'kuwauza kuti mwina mkono ulemera, mwina thupi litentha, ndipo zikatero apume, amwe madzi, zidzatha. A Utuchi anavomera ndi mutu, koma m'makutu mwawo munali mawu ena aja: mukapanda kugwa.

Mawa lake masana, dzuwa lili pamutu, kuzizira kunawalowa m'mafupa. Anavala jekete. Anatenga thabwa la chitseko n'kuyamba kulipala, n'kulisiya, n'kutenga lina. Mano ankagundana. Akakhala pabenchi, ankaona ngati akazi awo awaona pawindo, n'kudzukanso.

Telala anasuzumira pampanda. "Achimwene, jekete masana ano? Zayamba?"

"Ndi mphepo."

"Mphepo yake ikuomba inu nokha? Nenanitu msanga. Bokosi lanulo adzakhoma ndani? Ine ndimangodziwa kusoka."

"Kasokeni pakamwa panu kaye," anatero a Utuchi, koma motsitsa, kuopa kuti m'nyumba amva.

Anatenga nyundo kuti phokoso liwaikire umboni. Koma dzanja lamanzere silinathe kugwira msomali mowongoka. Woyamba unapindika. Wachiwiri unadumphira mu utuchi. Akazi awo, amene amva nyundo imeneyo kuyambira ali mtsikana, anasiya kusita, n'kutchera khutu. Kenaka anatuluka. Sanafunse. Anangowaika dzanja pachipumi.

"Thupi ngati mbaula!"

"Ndi dzuwa."

"Kwa a telala mwati mphepo, kwa ine mukuti dzuwa. Mumafuna ndikabayitse ndili m'chimbulimbuli? Ndikanayamba kunjenjemera ine mukanandiuza chiyani?"

"Namwino ananena kuti zimatero. Zimatha."

"Ndiye simunandiuze bwanji?"

"Munati ndikapanda kugwa."

Mayiwo anakhala pamulu wa matabwa, n'kuimiriranso. "Uyu akuti sichipweteka, uyo akuti chimapha, inunso wa m'nyumba mwanga bodza. Ndikhulupirire ndani? Mng'ono wanga anamutsekera m'chipatala, sanandilole kulowa. Sindinaone momwe anapumira. Ndinangoona bokosi lanu." Anapukuta maso ndi kuseri kwa dzanja. "Kagoneni. Igwani ndithu. Ndikufuna ndione ndekha chimene chimachita."

Anawayalira mphasa pabalaza, chitseko chotsegula kuti kuwala kulowe. A Utuchi anagona akudziwa kuti kubuula kulikonse kukuwerengedwa. Anayesa kuugwira mtima, koma akazi awo anati, "Pakupweteka nenani kuti pakupweteka." Ndiye ananena: mutu, msana, mkono ngati anyamula thumba la simenti. Mayiwo sanakhale malo amodzi. Ankabweretsa madzi, kuwafunditsa bulangeti, kulichotsanso, kupita kukhitchini n'kubwerako opanda kanthu, kuwerama kumvera mpweya. Telala atafika pakhomo ndi nkhope ya maliro, anamubweza. "Odwala sakulandira alendo. Nkhani za m'foni mukazisunge."

Kutacha, bulangeti linali lonyowa ndi thukuta, thupi litazizira. A Utuchi anapempha tiyi. Mkono unakhalabe wolemera pang'ono, kenaka nawo unaiwala.

Koma za katemera akazi awo sanazitchulenso. Masiku anapita. Mphepo inkaulutsa fumbi n'kulilowetsa m'nyumba, anthu a kachingwe ankabwerabe, ngakhale mwa apo ndi apo. A Utuchi ankafuna kufunsa, n'kudziletsa. Akamva akazi awo atsokomola, ankasiya ntchito n'kukaima pakhomo ngati akufuna madzi. Anayamba kuganiza kuti malungo aja anawononga zonse, kuti mayiwo anaona zokwanira kuwabweza m'mbuyo.

Chisanu chikutha, mitengo ya m'mbali mwa msewu itayamba kuphukira timasamba tofiirira mvula isanagwe, mayiwo anatulukira kushedi atavala nsapato zotulukira.

"Sasani mutuwo. Tiyeni."

Kutenti kuja, mayiwo anatuluka pamzere kamodzi, n'kukaima pamthunzi, n'kubwerera. Atafika kwa namwino sanapinde dzanja la bulauzi msanga. Anafunsa za shuga, za mapiritsi omwe amamwa, za munthu wodwala impso. "Mundiuze zonse, mwana wanga, zowawa zomwe. Zokoma zokhazokha ndatopa nazo." Namwino anayankha chimodzichimodzi, ndipo pomwe sankadziwa ananena kuti sakudziwa. A pambuyo anayamba kung'ung'udza. Mayiwo anawayang'ana, n'kutembenukira kwa amuna awo.

"Mawa ndikagwa, shedi mutseke. Mukhale pomwe ndikukuonani."

"Nditseka."

"Ndipo mukaona zachilendo mundiuze, osandinamiza."

"Ndikuuzani."

Anapinda dzanja la bulauzi, n'kuyang'ana kumbali.