A Sakala ndi Paipi ya Tipa ya Ednah

A Ezron Sakala anabwera ku Chongwe kuchokera ku Petauke m'chaka cha 1987, ali ndi akazi awo, a Dyness, ndi bokosi la masipanala. Anamanga kagalaji kamalata m'mbali mwa msewu waukulu, kufupi ndi mphambano ya ku Chalimbana, ndipo ndi pomwe akalambira. A Dyness anamwalira zaka zisanu zapitazo. Mwana wotsala pafupi ndi Ednah yekha, amene amayendetsa tipa yonyamula mchenga kupita ku Lusaka.

Kale Ednah akamadutsa ankaliza hutala kawiri, atate ake n'kukweza sipanala m'mwamba. Moni wawo unali womwewo. Koma chaka chatha makutu a mkuluyo anayamba kugontha, ndipo sanauze munthu. Makaniko wosamva injini, ndani angamubweretsere galimoto? Anaphunzira kuika nsonga ya sikuludiraiva pa injini n'kuluma chogwirira chake, kuti kugunda kudutse m'mano. Za hutala zokha ndizo zinalibe njira. Matipa achikasu amadutsa ambirimbiri patsiku, onse ofanana, ndipo a Sakala sankadziwanso kuti mwana wawo wadutsa liti.

Lachiwiri lina tipa ya Ednah inakhotera pagalaji ikufuka utsi wabuluu.

"Atate, tabo yasila," anatero Ednah. "Pa chitunda motoka ikangiwa kukwela, na oilo ikumwa monga chidakwa."

A Sakala anayang'anitsitsa milomo yake. "Isiye, mama. Ubwele pa Chisanu."

Masiku awiri anakhala pathumba ataiphwasula tabo, kachitsulo konga nkhono kamene utsi umazunguza timapiko take kuti tikankhire mphepo mu injini. Atagwedeza shafiti ndi zala anapeza ikugwedera. Anasintha mabushi ndi masilo, anatsuka mwaye ndi palafini, ndipo kapaipi ka oilo, kamene kanatsekeka, anakapemerera mpaka kanatseguka. Masana ankaphika mbatata ziwiri n'kudya okha.

Lachinayi, tabo itabwerera m'malo mwake, anaima nthawi yaitali akuyang'ana ekizozi. Kenako anatenga chodulira, nadula sailensa yochepetsa phokoso, nawotcherera paipi yaikulu yowongoka, yoloza kumwamba kuseri kwa kebini. Ataliza injini, malata a galaji ananjenjemera. Phokosolo silinalowe m'makutu, linalowa pachifuwa ndi kumapazi. Tipa yotere akanaidziwa ili kutali. Anaseka okha, kuseka kumene anali asanasekepo chimwalirire akazi awo.

Lachisanu Ednah anakwera n'kuliza injini. Nkhuku zinabalalika. Inonge, mayi wogulitsa tomato kutsidya kwa msewu, anatseka makutu.

"Ba Sakala! Mwapanga ndeke?" anakuwa Inonge.

A Sakala sanatembenuke. Anali ataima kutsogolo kwa tipa, msana kwa mwana wawo, chikhatho pa bampala, akumwetulira. Ednah anawaitana katatu. Analiza hutala kawiri, pamsana pawo penipeni. Sanadzidzimuke n'komwe.

Anazimitsa injini, natsika, nakaima pamaso pawo.

"Atate, kuyambila liti?" Anagwira khutu lake kuti aone.

Mkuluyo anapukuta manja, ngakhale anali opukuta kale. "Mvula ya chaka chatha."

"Ine nenze kuganiza kuti munakalipa. Niliza, niliza, imwe mutu mu injini chabe."

"Na ine nenze kuti waniiwala, mama."

Ednah anayang'ana paipi ija, kenako nsapato zake. Atayankhulanso anatsegula pakamwa kwambiri, mawu amodziamodzi.

"Tabo mwaikonza bwino. Koma iyi paipi chosani. Bakapokola pa lodibuloko bazanipoka laisensi."

A Sakala sanatsutse. Madzulo omwewo anabwezera sailensa, naiwotcherera mosamala monga amachitira ntchito iliyonse. Iwo ali pansi pa tipa, Ednah analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chofiira cha malemu amayi ake. Anang'amba kansalu m'mphepete, nakamangirira pagalasi la kumanja la tipa.

Kuchokera tsiku limenelo tebulo logwirirapo ntchito a Sakala analitembenuza kuti liloze kumsewu. Ntchito imachedwa, chifukwa maso amakhala kuwiri. Tipa imadutsa yopanda utsi, kansalu kofiira kakuuluka, iwo n'kukweza sipanala. Koma pali masiku amene imadutsa iwo ali pansi pa galimoto ya munthu. Masiku otero amawoloka msewu dzuwa likupendeka, kukafunsa Inonge.

"Yapita?"

Inonge amakweza zala ziwiri, kusonyeza kuti hutala yalira kawiri. A Sakala amagwedeza mutu, nabwerera kukatseka galaji. Paipi yowongoka ija ikadali pangodya. Ogula zitsulo zakale aifunsa kangapo, koma iwo amangoloza khutu lawo n'kupitiriza ntchito.