Yunifolomu Imodzi, Ana Awiri

Inu amene mukuti zanu zada, tamverani za mayi wina wochapa zovala za anthu.

Tsiku limene mwana wake anabwera ndi kakalata koti ahedi akufuna kholo mawa, mayiyu anangoti khwethe pambali pa beseni, thovu lili m'manja. Anadziwa kuti basi, zaululika.

Nkhani yake inali yotere. Mwamuna wake atamwalira, anamusiyira ana aakazi amapasa, ofanana moti ngakhale azakhali awo ankawasokoneza. Mphamvu zake zinangokwana kulembetsa mwana mmodzi, kugula yunifolomu imodzi ndi nsapato peyala imodzi. Nanga asankhe uti, asiye uti, ana obadwa tsiku limodzi?

Ndiye anachita zimene umphawi umaphunzitsa. Lolemba ankapita Wamkulu, Lachiwiri Wamng'ono, kumangosinthana choncho pa dzina limodzi. Wopitayo akaweruka ankavula yunifolomu, mayi n'kuichapa, iye n'kukhala pakhonde kuphunzitsa mnzake zonse za tsikulo, akulemba ndi khala pasimenti. Zaka ziwiri zinatha, osagwidwa.

Vuto linali limodzi: Wamng'ono anali wamanzere. Akamanyamuka mayi ankamutsina khutu. "Iwe, kumenekotu dzanja lamanja, wamva?" Koma tsiku lina samu inamukomera pabolodi. Mtsikana anaiwala zonse, choko chili kumanzere mpaka yankho, aphunzitsi akungomuyang'ana.

M'mawa mwake mayi anatenga ana onse awiri, wina mu yunifolomu, wina mu diresi yomuchepera. Kubisanso chiyani? Njira yonse mtima unali m'mwamba, chifukwa ankadziwa kuti akachotsa mmodziyo, sukulu yathera onse.

Ahedi anayang'ana uyu, n'kuyang'ana uyo, kenako anavula magalasi.

"Mayi, amene timaphunzitsa ife ndi uti?"

"Onse, bambo. Wolakwa ndine. Chilango chigwere ine, koma mmodzi yekha mundisiyire aphunzire."

Ahedi anakhazika anawo motalikirana, aliyense pakona pake, n'kuwapatsa mayeso ofanana. Mayi anadikira panja ola lathunthu, akupotokola nsonga ya mpango wake mpaka zala kuwawa.

Atamuitana, anapeza ahedi akupukusa mutu, mapepala ali m'manja.

"Aliyense wa awa wamva theka la zimene timaphunzitsa, koma aposa anzawo obwera tsiku ndi tsiku. Mwatinamiza, ndipo musadzabwerezenso. Koma ndikawathamangitsa, wopusa ndikhala ine."

Anatsegula kabati ya zovala zimene ana omaliza sukulu anasiya, n'kutulutsa yunifolomu yaikulu yoti akanalowamo onse awiri. Kenako anamuuza mayi kuti pasukulupo pali thandizo la ana osowa, ndipo lakhalapo zaka zonsezi.

"Safunsa adadya phula, mayi. Mukanangobwera kudzatiuza."

Mayi uja anaseka, kenako analira, osasamala kuti ana akumuona. Kwa nthawi yoyamba m'zaka ziwiri mtima wake unakhala pansi. Pobwerera anayenda pakati pa ana ake msewu wonse, osazembanso munthu.

Sindikunamizani kuti zinaphweka pomwepo, ayi. Nsapato zinali zomwe zija, ankavalabe mosinthana, ndipo Loweruka onse atatu ankaweramira mabeseni mpaka manja kutuwa. Koma sukulu sanajombenso, ndipo onse anamaliza.

Lero Wamkulu ndi namwino, ndipo mayi awo amangochapa zawo zokha, nazonso ana amawaletsa. Wamng'ono ndi mphunzitsi, amalemba pabolodi ndi manzere ake aja popanda womutsina khutu. Chaka chikamayamba, asanaitane mayina, amayamba wafunsa kalasi yonse funso limodzi: "Ndani wasiya m'bale wake kunyumba?" Ena amakweza manja, ndipo iye amawalondola anawo mpaka kwawo.

Inu amene mwabisa vuto lanu chifukwa cha manyazi, chitseko chimene mukuchiopacho mwina kuseri kwake kuli munthu wofuna kukuthandizani. Pitani mukagogode, ndipo musataye mtima musanamve yankho.