Apolisi a M'khitchini

Kubanja la amuna ake amamutcha Apolisi. Dzinali analiyambitsa ndi mlamu wake, dalaivala wa basi wosasunga mawu m'kamwa, ndipo linakanirira. Iye amagwira ntchito yosita pamalo ochapira zovala za anthu. Kumeneko anaphunzira kupisa m'thumba lililonse chovala chisanalowe m'makina, poti cholembera chimodzi chimaononga mulu wonse wa malaya. Chizolowezicho anapita nacho kunyumba. Amapisa m'matumba a amuna ake, amayang'anitsitsa m'manja mwa alendo, amanunkhiza m'kamwa mwa mwana wake Kamphepo. Safuna kanthu kena. Amasaka mtedza.

Chaka chatha, pa tchuthi cha nyengo yoyoyoka masamba, banja lonse linasonkhana kwa apongozi ake aakazi. Apongoziwo anaphikira ana asukulu mpaka kupuma ntchito, ndipo keke yawo ya mtedza ndiyo imakoka ana awo kuchokera kutali. Ananyema kachidutswa n'kuika m'kamwa mwa mdzukulu. Posakhalitsa milomo ya mwana inatupa, maso anatsekeka, mpweya n'kumatuluka molira ngati khomo la dzimbiri. Dokotala anati thupi la Kamphepo limadana ndi mtedza, ngakhale kanyenyeswa kotsalira pa supuni kangathe kumutseka pakhosi. Anawapatsa jakisoni woyenda naye kulikonse.

Chaka chino Make Kamphepo sanafune kupitako. Amuna ake anachonderera kuti amayi akukalamba. Anavomera, koma chakudya cha mwana ananyamula m'kontena, jakisoni pamwamba m'chikwama.

"Apolisi afika!" anakuwa mlamu ali pakhomo. "Kwezani manja, anthuni, apise matumba!"

Make Kamphepo anaseka ndi mano okha. Maso anali kale kukhitchini, kumene mawindo anali atachita nthunzi ndipo nkhuku inkanunkhira mu uvuni. Kaphikidwe ka apongozi ake ankakadziwa. Ali ndi mthiko umodzi, wakuda ndi ukalamba, umene amavundulira mapoto onse, kungoupukuta pa epuloni. Mthiko umenewo ankaulota.

"Make Kamphepo, katengeni mipando kuseri," anatero apongozi osacheuka.

Apongozi sawakanira. Anasiya mwana pamiyendo ya bambo ake, amene maso anali pa mpira wa pa kanema. Pobwera ndi mipando anapeza miyendo ili yokha.

"Mwana ali kuti?"

"Anali pompano."

Anamupeza pansi pa tebulo la kukhitchini, m'manja muli keke yofiirira, masaya ali nyenyeswa zokhazokha. Ankatafuna.

Make Kamphepo anagwada. Anamukoka, n'kupisa chala m'kamwa, mwana n'kuyamba kulira. Kulirako anakumvetsera ngati mmene amamvetsera makina akafuna kuonongeka. Kodi mawu akuchepa? Kodi mlomo uwu unali chonchi m'mawa? Chikwama chinali pabalaza, ndipo pabalaza panaoneka kutali ngati tsidya lina.

"Jakisoni!" anakuwa. "Bweretsani chikwama changa!"

"Mulibe mtedza umo," anatero apongozi.

Sanawamve. Amuna ake anathamanga ndi chikwama, mlamu ali pambuyo, nthabwala zitamuuma pakamwa.

"Ndati mulibe mtedza, mwana wanga. Ndi nthanga za mpendadzuwa, zokazinga. Paketi yake iyi, werengani nokha."

Anawerenga timawu tonse, n'kubwerezanso. Munalibe.

"Nanga mthiko, amayi?"

Apongozi anauonetsa. Unali watsopano, woyera mbee.

"Wakale uja ndinatentha. Sefa ndinataya, ndi chitini chophikira keke. M'nyumba muno mtedza sunalowe chichokereni inu. Bambo anuwa ndimawapisa m'matumba akamachokera kumsika."

"Ndi zoona," anatero apongozi aamuna ali pakhomo. "Apolisi alipo awiri tsopano."

Palibe anaseka. Onse anali kuyang'ana mwana. Make Kamphepo anakhala pansi pomwepo, namuika pachifuwa, khutu pamsana pake, jakisoni m'dzanja. Mpweya unkalowa, unkatuluka. Mawu a paketi ndi mawu chabe, iye ankadikira thupi liyankhe. Nkhuku inayamba kupserera mu uvuni koma palibe anasuntha.

Atakweza maso anaona apongozi atagwada pafupi, nkhope ili pa milomo ya mdzukulu, manja akufinya epuloni.

"Ngati mulibe, amayi, mukuopa chiyani?"

"Ndakhala ndikuopa chaka chonse," anayankha motsitsa. "Mumayesa muli nokha?"

Kamphepo anasiya kulira. Anapukuta mphuno pa bulauzi ya mayi ake, n'kuloza pansi pa tebulo.

"Keke yanga."

Mlamu anatulutsa mpweya. "Mwana wake wa Apolisi ndi mbava!"

Patebulo nkhuku inali yakuda mbali imodzi, ndipo mlamu anadandaula kuti keke ya chaka chino ikukoma ngati chakudya cha mbalame, uku akutenganso ina. Kontena ija Make Kamphepo anaisiya m'chikwama. Anangokankhira mbale ya mwana kwa apongozi kuti amuikire okha, dzanja lake lina likadali pamsana pa Kamphepo.