Dzanja la paphewa langa

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi, tikukhala ku Dennistoun, kutsidya kwa nyanja, pamene aphunzitsi anati aliyense abwere ndi chithunzi cha makolo ake. Mtima wanga unawawa. Bambo anamwalira ku Dedza ndili khanda, ndipo chithunzi chawo chinali chimodzi chokha, ngati n'koyenera kuchitchula kuti chawo. Wojambula woyenda panjinga ankafuna ine ndekha nditakhala pampando. Bambo anaima pambali n'kundigwiririra, moti chimene chinatuluka ndi dzanja lawo basi, lili paphewa langa. Ndinkaopa kuti anzanga andiseka kuti ndine mwana wa dzanja.

Amayi akakhala pa shifiti kuchipatala, ndinkaswera kwa a Alec, nkhalamba ya m'nyumba ya pansi pathu, amene kale ankaphunzitsa zojambula. Kwawo kunkamveka fungo la tiyi ndi mapepala akale, ndipo mpaka lero ndimalisowa. Tsikulo anadabwa kuti mabisiketi sindikuwakhudza, ine wosusuka amene ndinkasiya mbale ili mbee. Nditawafotokozera, sanandipepese. Anangotsitsa bokosi pamwamba pa kabati.

Munali zithunzi zofiirira, zakalekale, za ziboliboli zamiyala za Agiriki. Koma zonse zinali zoduka: phazi lokha, bondo, mutu wopanda mphuno. Mumtima ndinati anthu ena ali ndi nthawi yotaya. A Alec anandiuza kuti ojambulawo ankasenzetsa abulu makamera olemera ndi magalasi ojambulirapo, n'kuyala nsalu yakuda kumbuyo kwa mwala, n'kumadikira kuti dzuwa liwombe bwino.

"Mavuto onsewo chifukwa cha zidutswa?" ndinafunsa.

Anasolola chithunzi china. Chinali phewa la mwana, pamwamba pake pali dzanja la munthu wamkulu lodukira pamkono.

"Mwini dzanjali anasowa kalekale," anatero, akundipatsa galasi lokulitsira zinthu. "Koma taona zalazi. Mwanayu akumukankha kapena akumugwira?"

Ndinayang'anitsitsa. Zala zinali zitapindikira mkati pang'ono, mosafinya. Ankamugwira.

Galasilo anandibwereka. Amayi atabwera, ndinaliika pachithunzi chathu, ndipo ndinaona chipsera pachala chachikulu cha bambo, chimene ndinali ndisanachionepo.

"Chimenecho n'cha chitini cha mkaka wako," anatero amayi, yunifolomu asanavule n'komwe. "Ankatsegula ndi mpeni, iwe ukulira ngati ambulansi." Anaseka. "Tsiku lojambulitsalo unkavuta, mwanawe. Wojambula anati achotse dzanjalo, likuwononga chithunzi. Bambo ako anakana. Anati chiwonongeke chithunzi, mwana asagwe."

Kusukulu ndinapita nacho. Mnyamata wina anafunsa kuti bambo akowo ali pati, ine n'kuloza. Ngati alipo anaseka, sindikukumbukira.

A Alec anatisiya ndili ku sekondale, ndipo chithunzi cha phewa lamwala lija chinabwera kwa ine. Chili pakhoma ku Shawlands komwe ndikukhala pano, pafupi ndi chathu. Tsopano ndikumvetsa chimene ojambula aja ankavutikira ndi abulu awo: chotsala, ngakhale chichepe, chimachitira umboni munthu yense, bola wina achiyang'anitsitse. Anzanga anabwera ndi nkhope za abambo awo. Ine nkhope ya bambo sindiidziwa mpaka lero, koma ndikudziwa kuti atauzidwa kuti andisiye, anakana.